Galu wathu anatsala pachulu

Kwathu kuno galu alibe maliro. Akafa amamumanga chingwe kumwendo, mnyamata n’kumukokera kutchire, nkhani yatha. Ukati udandaule anzako amakuseka: “Aaa achimwene, galu yemweyo? Atha kodi agalu m’mudzi muno?” Akuluakulu amati maliro n’kulirana, koma pa galu palibe amene amabwera kudzakhala nawe pamphasa. N’chifukwa chake ndaganiza zolemba zimene zinationekera ine ndi mwana wanga wamkazi. Mwina alipo wina amene chiweto chake chinapita, mtima ukumupweteka koma akuchita manyazi kunena, makamaka ngati sanaone n’komwe pamene chinafera.

Ndine wa ku East Bank m’boma la Nsanje, chakufupi ndi Makhanga, m’dera la mfumu yaikulu Mlolo. Galu wathuyo dzina lake anali Tsabola. Tinamutenga ali kamwana mu 2015, atangophwa madzi aja amene anasintha njira ya mtsinje wa Ruo n’kusiya Makhanga ali chilumba. Panthawiyo mwana wathu anali akuphunzira kuyenda, ndiye awiriwa anakulira pamodzi, kulimbirana mkute m’mawa uliwonse.

Tsabola sanali galu wochititsa kaso ayi. Anali wofiirira, wowonda, khutu lakumanzere lodukako nsonga chifukwa cha ndewu ya paunyamata. Koma amene amalima dimba m’mphepete mwa Shire akudziwa ntchito ya galu. Mvuu ikalowa m’chimanga, thukuta la miyezi itatu limatha usiku umodzi. Ine ndinkagona naye m’chilindo, ndipo iye ndiye ankayamba kumva. Akangodzuka n’kuimika makutu, ndinkadziwa kuti ndiyatse tochi ndiyambe kumenya chitini. Kudoko sankayandikira madzi mwachisawawa. Ng’ona ankaziopa kuposa mmene anthu ena amaziopera. M’mwezi wa Okutobala, dzuwa la kuno likafika poti nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa, ankakumba kadzenje pansi pa mtsuko wa madzi akumwa n’kugonamo, mayi a kunyumba n’kumamuthamangitsa tsiku ndi tsiku osaphula kanthu.

Namondwe wotchedwa Ana anafika pa 24 Januwale 2022, yemwe uja anawononga damu la ku Kapichira magetsi n’kuzima m’dziko. Ndikanakonda kukuuzani kuti Tsabola ndiye anatidzutsa n’kutipulumutsa, koma sizinali choncho. Iye anali atadzipinda pakhonde kuthawa mvula. Anatidzutsa ndi anyamata a komiti yoona za ngozi m’mudzi, akuliza mawezulo ndi kukuwa kuti madzi, madzi! Potuluka panja, madziwo anali kale m’mawondo. Tinathawira pachulu chachikulu cha kuseri kwa mudzi, mabanja angapo, mbuzi zochepa zimene zinakwanitsa kutilondola, ndi Tsabola. Tinachezera pamenepo chiimirire, ana kumsana ndi paphewa, mvula ili pamutu, linthumbu nalo likufuna pouma pomwepo.

Kutacha kunabwera bwato. Linali bwato lathu lomweli losema pamtengo, la msodzi wa mudzi woyandikana nawo, osati maboti a injini amene anadzafika pambuyo pake. Anayamba kuwolotsa okalamba ndi amayi a makanda. Itakwana nthawi yathu, mwana anagwira Tsabola m’khosi kuti akwere naye.

“Anthu okha,” anatero mwini bwato.

Ndinachonderera. Iye sanakangane nane, anangoloza m’mbali mwa bwato. Pakati pa madzi ndi mlomo wa bwatolo panangotsala malo a zala zinayi. “Galu akachita mantha n’kudumpha, tonse tapita.” Atatero anakankha ndi nkhafi.

Tsabola analumphira m’madzi n’kutisambira pambuyo kamtunda ndithu. Madzi anali aukali, akudutsa ndi mitengo ya nthochi, madenga a udzu ndi ziweto zakufa. Kenaka anatembenuka. Tinamuona atakweranso pachulu paja, akudzikutumula, n’kuima kutiyang’ana. Mwana analira mpaka mawu anasasa. Kumuona kotsiriza kunali komweko.

Tinakakhala kumsasa wa pasukulu ina ya kumtunda. Amene anakhalako kumisasa akudziwa mmene kumakhalira: kalasi imodzi mabanja ambirimbiri, amuna kwaokha, mzere wa ufa ndi nyemba, ndowa za madzi a kolorini pakhomo poti pofika Malichi kolera inali itayamba kumveka. Mayi wina amene ankagona pafupi ndi a kunyumba anali atataya mwana, madzi anachita kumulanda kumsana. Pamalo otero ungatsegule bwanji pakamwa kunena za galu? Ndinakhala chete, ndipo mpaka lero ndimaona kuti kunali koyenera. Munthu ndi munthu. Koma kukhala chete pagulu sikunachotse kanthu m’kati. Usiku ndikati nditseke maso, chulu chija chili apa. Mwana naye anayamba kachizolowezi kena: pa chakudya chochepa chomwecho ankabenthula kansima n’kukakulunga m’kapepala ka pulasitiki, akuti n’ka Tsabola akabwera.

Chimene chinatizunza kwambiri si imfa, poti imfayo sitinaione. Chinali chiyembekezo, ndipo ankatipatsa ndi anthu otifunira zabwino. “Tonthola mwanawe, galu sasochera, abwera.” “Galu amatha kusambira, wapulumuka ameneyo.” Mawu otere amatonthoza madzulo amodzi, kenaka amasanduka ngongole imene mwana amabwera kudzaitanitsa m’mawa uliwonse.

Madzi ataphwa ndinapita kuchulu kuja, matope ofika m’ntchafu. Kunalibe galu, kunalibe mafupa, kunalibe chilichonse. Pamene panali nyumba yathu panangotsala mchenga. Ndiye mphekesera zinayamba. Wina akuti wamuona ndi asodzi ku Chiromo. Wina akuti ali kutsidya kwa Ruo, ku Mozambique, akutsatira anyamata abusa a ng’ombe. Winanso akuti ali kumsika wa Bangula, pamene amaphera mbuzi. Aliyense ankalumbira kuti ndi yemweyo, poti agalu ofiirira owonda ali ponseponse m’chigwa muno. Ine n’kumawoloka pa Mtayamoyo, kulipira bwato ndi ndalama imene ikanagula mchere ndi sopo, kukaitana agalu a eni ake.

Ulendo wa ku Bangula mwana anandikakamira, ndinapita naye. Kumeneko tinapezadi galu wofanana ndi wathu, atagona pansi pa benchi ya ogulitsa nyama. Mwana anangopulumuka m’dzanja langa n’kuthamanga, akufuula dzina, manja atatambasula. Galuyo anadzuka n’kuonetsa mano. Ndinamukoka mwanayo ndi diresi atatsala pang’ono kumukumbatira. Makutu a galuyo anali athunthu onse awiri.

Apa ndiimepo kaye, chifukwa nkhaniyi ikanatha moipa. Mwana amene akusowa galu wake amathamangira galu aliyense wofanana naye, ndipo madzi akasefukira agalu osowa eni ake amachuluka, anjala, amantha, ena odwala. Chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro mwa munthu, kuchira kulibe. Muuzeni mwana kuti galu wachilendo asamugwire, ngakhale afanane bwanji ndi wakwawo. Akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n’kupita naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling’ono chotani. Katemera wake amabaya maulendo angapo pa masiku osiyana. Musalekeze panjira poona kuti bala lapola.

Amene anatimasula ndi ambuya anga, mayi awo a bambo anga. Iwo anabwera kuno pothawa nkhondo ya ku Mozambique m’zaka za m’ma 1980, nthawi imene Nsanje inadzaza ndi othawa kwawo, ndipo sanabwererenso. Amanditchula kuti amunanga, monga agogo amachitira ndi adzukulu awo aamuna. Madzulo ena anandipeza ndikupopa njinga kukonzekera ulendo wina wa m’mawa.

“Amunanga, tabwerani mukhale apa. Mwanambwa wanuyu mudzamufuna mpaka liti?”

“Mpaka ndidziwe, ambuya.”

“Mudziwe chiyani? Shire akatenga sabwera kudzafotokoza.”

Ndinkayembekezera kuti andiseka, poti pakamwa pawo si pocheza. M’malo mwake anayamba kundifunsa za galuyo. Munamutenga kwa yani? Ankakonda kugona pati? Nanga khutu lija linatani? Kanali koyamba munthu wamkulu kundifunsa zimenezo chichokereni pachulu. Ndinafotokoza nthawi yaitali, za mvuu, za mtsuko, za tsiku limene anaba mlamba wouma wa alendo n’kukabisala nawo m’nkhokwe. Tinaseka, ndipo m’kati mwa kusekako ndinangozindikira misozi ikutsika. Ambuya anayang’ana kumbali mpaka nditapukuta.

Kenaka anandiuza za kuthawa kwawo, nkhani imene sakonda kuikamba. Anasiya mbuzi m’khola, chimanga mumtondo. Anasiyana ndi mng’ono wawo m’njira usiku, ndipo mpaka lero manda ake sakuwadziwa.

“Amene waona manda amalira, amameta, n’kubwerera kumunda,” anatero. “Amene sanaone manda amachita kudziuza yekha kuti basi. Palibe adzabwere kudzakuuzani. Ndipo mwanayo akuyang’ana inu. Inu mukamapopa njinga, iye akulungabe nsima.”

Ndinafunsa ngati tingachiteko kamwambo kena kake kuti mwanayo aone kuti zatha. Anakanitsitsa. Kuchita za maliro chifukwa cha galu n’kulaula, anthu angati mukuitana imfa pakhomo. Ine sindinatsutse, ndipo sindikulangiza wina aliyense kuti akakumbe manda a chiweto pakati pa mudzi umene ukulira anthu. Zimene tinachita zinali zazing’ono, za pakhomo pathu pokha.

M’mawa mwake njinga inakhala. Ndinatenga mwana kukakhala naye pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa makalasi. Ndinamuuza kuti Tsabola sabweranso, kuti madzi anali ambiri ndipo ine ndikukhulupirira kuti anafa. Sindinazungulire. Mwana ukamuuza kuti wapita amafunsa kuti abwera liti, ndipo tinali titatopa nalo funso limenelo.

Anakhala chete, akujambula pansi ndi kamtengo. Kenaka mafunso anayamba.

“Ababa, inamudya ng’ona?”

“Sindikudziwa, mwanangu. Palibe anaona.”

“Anamva njala?”

“Mwina pang’ono.”

“Anakwiya kuti tinamusiya?”

Ndisanayankhe, iye anapitiriza, mawu ali pansipansi: “Ndinamusiya ndine. Ndinamugwira m’khosi, ndiye ndinamasula manja.”

Apa ndi pamene ndinadziwa chimene mwanayu anasenza nthawi yonseyi. Ife akuluakulu tinkaona ngati akungomusowa galu. Iye ankadziona ngati wolakwa, ndipo kansima kaja kanali kopepesera. Ndinamuuza mobwerezabwereza kuti manja ake ndinawamasula ndine, kuti nkhani ya amene akwere bwato anagamula ndi akuluakulu, ndipo kuti akanakakamirabe bwenzi madzi atatenga onse awiri. Ngati muli ndi mwana amene chiweto chake chafa, kaya ndi galu, mphaka kapena kambuzi kamene ankakamwetsa yekha, mufunseni kuti iye akuganiza kuti chinachitika n’chiyani, ndipo mudikire yankho. Ana amadziimba milandu imene wamkulu sangaiganizire n’komwe, ndipo saulula pokhapokha atafunsidwa.

Analira kwambiri tsiku limenelo, kuposa pabwato paja. Mayi ake anatuluka kudzandikalipira kuti ndamutani mwana. Koma madzulo anamaliza nsima yake yonse. Patapita masiku anajambula Tsabola kumapeto kwa kope lake la masamu, khutu limodzi lalifupi, miyendo yotalika ngati ya ng’ombe, n’kumaonetsa aliyense. Tinayamba kumutchula poyera pakhomo, pamene kale dzinalo tinkalizemba. Ndinaona kuti tikamakamba zoseketsa zimene ankachita, nkhani ya pachulu inkachepa mphamvu. Zaka zake zonse zinali zitaphimbidwa ndi m’mawa umodzi uja.

Chinanso chimene ndinachita, chimene ena sanachikonde, ndinapempha anansi kuti asatibweretserenso mphekesera. Akaona galu wofiirira, amuone okha. Mayi wina anakhumudwa, akuti iye amangofuna kuthandiza. Zoona, koma thandizo lakelo linkabweza mwana pamene tachoka. Kusiya kufunafuna sikutheka ngati khomo lili lotsegukira aliyense wobwera ndi “ndamuona”.

Panatsala mwini bwato uja. Ndinkamuzemba. Ndikamuona kumsika ndinkakhotera kwina, ndipo mumtima ndinkamuyankha mawu amene sindinamuyankhe tsiku lija. Mutu unkadziwa kuti munthuyu anapulumutsa banja langa, koma mkwiyo unkafuna pofikira, ndipo Shire sungamukwiyire. Tinadzakumana pamaliro ena, tikukumba manda, pamalo poti sungathawe. Popumula anabwera yekha kudzakhala pafupi nane.

“Achimwene, mwana uja ali bwanji? Kulira kwake kuja sindikuiwala.”

Ndinati ali bwino.

“Galu ujatu ndinamuona atabwerera pachulu. Ndinati ndikatha anthu ndikamutenga. Pobwerera madzulo chulu chinali chitamira.” Anakhala kaye chete. “Anga awiri ndinawasiya pakhomo. Mmodzi anali pachingwe.”

Sitinalankhulenso zambiri. Anandipatsa fodya, ine wosasuta n’kulandira. Kuchokera tsiku limenelo nsomba ndimagula kwa iye. Komanso anali atandipatsa chimene ndinachifunafuna ku Chiromo ndi ku Bangula konse kuja: munthu amene anaona chulu chitamira.

Za malo ndingonena mwachidule. Boma lakhala likutiuza kwa zaka zambiri kuti tisamukire kumtunda, ndipo ambirife timakana pa zifukwa zomveka: dimba limatidyetsa ngakhale mvula ikavuta, ndipo manda a makolo ali kumunsi komweko. Nthawi yonse imene ndinkafuna galu ndinali ndi chifukwa chotsikira kubwinja kwathu, kukaima pamchenga paja n’kumayeza ndi maso pamene ndingamangenso. Nditasiya kufuna galu, ndi pamene ndinapita kwa anyakwawa a kumtunda kukapempha malo, n’kuyamba kuumba njerwa. Dimba sitinalisiye, timatsikako m’chilimwe kukalima, kugona timagona kumtunda.

Namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023, wailesi inali itachenjeza kusanachitike kanthu. Mbuzi zimene tinali titayambanso kuweta zinali kwa mlamu wanga kumunsi, ndipo tinakazitenga mvula isanalimbe, anthu akutiseka kuti tikuthawa mitambo. Amene ali m’malo otsika andimve: bwato lopulumutsa anthu lilibe malo a chiweto, ndipo silidzakhala nawo. Chenjezo likamveka, ziweto zitsogole kupita kumtunda kukadali kouma. Zikakanika, musasiye galu pachingwe kapena mbuzi zotsekeredwa m’khola. Masulani, tsegulani, zidzionere zokha. Ndipo madzi akaphwa mukapeza chiweto chakufa, musadye, musasiye ana kuchigwira. Kwirirani mozama, kutali ndi chitsime kapena mjigo.

Tili kumsasa kuja anthu anayesa kutipatsa kagalu kena kuti mwana atonthole. Anakakana, osafuna n’kukayang’ana komwe, ndipo sitinamukakamize. Ndikuganiza kuti tikanakalandira, kagaluko kakanavutika ndi mlandu woti si Tsabola. Patapita chaka ndi miyezi, Freddy atadutsa, mwana anabwera yekha kuchokera kwa anansi atanyamula kagalu kakakazi kakuda bii, n’kunena kuti dzina lake ndi Makala. Sanapemphe chilolezo kwa aliyense. Alangizi a ziweto atalengeza za katemera wa chiwewe anakanyamula yekha kupita nako, ndipo khadi lake amasunga m’jumbo limodzi ndi ziphaso zathu. Chaka chilichonse amandikumbutsa ndi iyeyo.

Vuto linatsala kwa ine. Miyezi yoyamba lilime linkaterereka, ndikati ndiitane Makala n’kutuluka Tsabola, mwana n’kundidzudzula: “Ababa, ameneyutu ndi wina.” Ndi winadi. Kudimba ndinapita naye kamodzi, mvuu itangofwenthera kumadzi iye anali kale m’kati mwa bulangete langa akunjenjemera, moti chaka chino ndalemba mnyamata woti tizisinthana kulonda. Ntchito imene amaidziwa bwino ndi yoperekeza mwana kusukulu ndi yoba mazira. Mayi a kunyumba anena kale kawiri kuti akabanso apita kwa mlamu wanga, mwana akuti akapita iyenso apita, ndipo nkhuku zikuikira pamwamba pa nkhokwe mpaka mlanduwu udzagamulidwe.